Nsapato Imodzi ku Limbuli

Ndatsika pa kabaza miyendo itachita dzanzi,
fumbi la Limbuli landilonjera m'mphuno.
M'jumbo ndanyamula nsapato imodzi,
yakumanzere, yakuda, sayizi folo.
Inzake inapita ndi mtsinje wa Muloza
usiku umene madzi analowa m'nyumba osaodira,
ndipo mtsinje subweza ngongole.
Eneresi akuti kusukulu amamuseka zala.

Lero ndi la msika.
Phiri lafunda nkhungu mpaka m'chiuno
koma pansi pano palibe wolicheukira.
Maso ali pa milu:
makaka oyera mbee, nandolo wodzaza ndowa,
zinanazi zitaimika zisoti m'mwamba,
ndi kalongonda wa a Namulekhwa
amene wagona pamoto chiyambire dzulo.

"Laweni, kulawa n'kwaulere!"
Ndalawa. Ndadutsa. Maso awo akundibaya kumsana.

Anyamata osintha ndalama akudzikupiza ndi mitolo,
metikashi dzanja ili, makwacha dzanja linalo,
Chilomwe, Chipwitikizi, Chichewa, lilime limodzi.
Njinga ya matumba atatu a chimanga chakutsidya
ikutsetsereka yopanda mabuleki,
mwini wake akukuwa, "Moto! Moto!"
tonse balala, wina wagwera m'tomato.

Kaunjika wa nsapato ali kuseri kwa ausipa.
Mulu wolekeza m'mawondo,
nsapato za anthu a mayiko amene sitidzawaona,
zina zidendene zitadyeka mbali imodzi,
kani kumenekonso anthu amatsimphina.
Ndagwada, ndapalasa ngati nkhuku padzala.
Laisoni, mwini mulu, wandiyang'ana:
"Mayi, kuno timagulitsa banja, mbeta ayi."
Anthu aseka. Nanenso ndaseka, nanga ndikadatani,
poti za fotinayiti yakuesiteti
zinathera ufa ndi banki m'khonde,
zotsala ndamanga pa nsonga ya chitenje
ndipo mfundo yake ndi yaing'ono ngati nthudza.

Dzuwa lafika paliwombo.
Mlaliki wasasa mawu pafupi ndi chiwaya cha tchipisi,
wa mankhwala a makoswe akumuposa ndi sipika,
onse awiri akulonjeza mapeto.

Ndakhala pa njerwa kuseri kwa telala,
nsapato ija ili pamwendo ngati khanda.
Bambo wina wa chipewa chobooka waima,
wayang'ana m'manja mwanga nthawi yaitali,
kenaka wapisa m'thumba la jekete
n'kutulutsa yake.
Yakumanja. Yofiirira. Sayizi folo.

Taziika pafumbi moyandikana,
ina ya zingwe, ina ya lamba.
Sizikudziwana, koma zaima bwino
ngati anthu awiri odikira basi imodzi.

"Wanu ali sitandade chani?"
"Faifi."
Ndimati ndifunse za wake,
koma iye watembenukira kuphiri
kumene zipsera za miyala yogumuka
zikuonekera pamene nkhungu yang'ambika,
ndipo funso langa ndalimeza ndi malovu.

"Polishi wakuda," watero. "Mupake katatu.
Aphunzitsi sawerama."

Ndayamba kumasula mfundo.
Wapukusa mutu. Ndaumirira. Wakana.
Potsiriza walandira chinanazi chimodzi,
chaching'ono, chopsa mbali imodzi,
wachipanira m'khwapa, walowa m'khamu.
Chipewa chake chaoneka kawiri pakati pa madengu,
basi.
Dzina sindinamufunse.

Mfundo ija yagula polishi ndi machesi,
ndipo ndabwerera kwa a Namulekhwa
kukalipira kulawa kwa m'mawa.
Andiikira basera osanena kanthu.

Wa kabaza akuti madzulo mtengo umakwera.
Ndiyenda wapansi, ndidulira m'minda ya tiyi.
Phokoso la msika latsala kumbuyo,
sipika ya makoswe ndiyo yamaliza kuzima.
M'jumbo zikugundana, go, go, go,
njira yonse,
ngati pali mwana akunditsatira,
ndipo kawiri konse ndacheuka.